Dzina la kubanja: muuze yani poyamba, musinthe chiyani pambuyo

Phwando la ukwati likatha, ndalama za pelekanipelekani zitawerengedwa, mipando yobwereka itabwezedwa, pamatsala nkhani imene ambiri saikonzekera mpaka itawapeza pa kauntala ya banki: dzina. Kutchalitchi ayamba kale kukuitanani kuti Mayi Mwale. Agogo anu ku Santhe akukutchulanibe Naphiri, ndipo sadzasiya. Chitupa cha unzika chili ndi dzina la bambo okuberekani, pamene pa Facebook anzanu akulembani kale kuti Mrs.

Zonsezi zingathe kuyendera limodzi popanda vuto, bola mugwire mfundo imodzi. Pali dzina limene anthu amakuitanirani, pali dzina la pa zikalata. Loyambalo limasintha tsiku limodzi, pakamwa pokha. Lachiwirilo ndi limene lasunga ndalama zanu, malipiro anu ndi maulendo anu, ndipo limasinthidwa motsatana, ofesi iyi kenako iyo. Mavuto ambiri amadza munthu akalisintha pakati, kusiya koyambira.

Gwirizanani kaye awiri m'nyumba

M'Malawi muno mulibe lamulo lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna. Ukwati wanu ndi wovomerezeka ngakhale mutakhala ndi dzina la kwanu moyo wonse. Pa Chichewa nakonso mfunda wa mkazi suchoka. Nabanda amakhala Nabanda, kaya mwamuna wabwera chikamwini, kaya mkazi wapita chitengwa, ndipo mwana akangobadwa anthu amayamba kunena kuti make uje. Cha kumpoto kwa Kasungu, ku Nkhamenya uko kumene Chitumbuka chimamveka kwambiri, Nyamoyo amakhalanso Nyamoyo. Amene wasankha kusasintha sanaphwanye mwambo.

Mungathe kusunga dzina lanu pa zikalata n'kulola anthu azikuitanani la kubanja. Mungathe kuphatikiza onse awiri. Mungathenso kutengeratu la amuna anu ponseponse. Kwa mayi amene ali kale pa ntchito, ali ndi masatifiketi, kapena ali ndi makasitomala omudziwa ndi dzina la kwawo, ife timalimbikitsa njira yoyamba kapena yachiwiri, chifukwa dzina lakale likamaonekabe palibe amene amakaikira kuti ndinu yemwe uja. Koma chisankho ndi chanu awiri, ndipo chikhale chomasuka. Bambo amene akuumiriza dzina lake sabata yoyamba adziwe kuti si iye adzaime pa mizere ya m'maofesi.

Musanalembe dzina la amuna anu penapaliponse, tengani chitupa chawo muone ndi maso. Abambo ambiri kumudzi amadziwika kuti a Banda kapena a Phiri, pamene pa chitupa pali dzina la agogo awo. Onaninso kalembedwe chilembo ndi chilembo. Chirwa ndi Chilwa timawatchula mofanana, koma kompyuta ya kubanki imaona anthu awiri. Ngati mwasankha kuphatikiza, gwirizanani kuti liyambe liti, ndiponso ngati pakati pakhale kamzere kapena ayi. Lilembeni pa pepala, ndipo fomu iliyonse imene mudzadzaze muzikopera pamenepo.

Akuluakulu amve pakamwa panu

Nkhani iyi isayambire pa foni. Bambo amene dzina lawo mukulisiya asamve kwa mdzukulu amene waona pa status. Pitani nokha, mukhale pansi, munene mwachidule: "Atate, kutchalitchi ndi kuntchito ndiyamba kudziwika ndi dzina la kubanja, koma pakhomo pano ndine mwana wanu yemwe uja." Amayi, atsibweni ndi azakhali amvenso chimodzimodzi. Ngati muli kutali, imbani, osati kulemba uthenga.

Kuchimuna nkhani ipite ndi amuna anu kapena ankhoswe. Izi n'zofunika kwambiri mukasankha kusunga dzina la kwanu, chifukwa apongozi ena amaona ngati mwakana banja lawo. Mkamwini kapena mtengwa sakangana ndi apongozi maso ndi maso. Mwana wawo ndiye afotokoze kuti, "Amayi, tinagwirizana kuti pa zikalata apitirize dzina la kwawo chifukwa cha ntchito, koma inu muziwaitana monga mukufunira." Ankhoswe a mbali zonse akadziwa chimene munagwirizana, nkhaniyo sidzauka ngati mlandu patsogolo.

Kenako pali mabuku a m'mudzi ndi a mumpingo, amene ambiri amawaiwala chifukwa ndi olemba pamanja. Kaonaneni ndi mlembi wa mpingo kuti khadi lanu ndi kaundula zigwirizane. Ngati mukusamukira ku mpingo wa amuna anu, kalata yosamukira ikhale ndi mayina onse awiri, kuti akulandira asavutike. Uzaninso mlembi wa Chigwirizano kapena wa mphakati. Ngati mwapita chitengwa, amuna anu akakuonetseni kwa nyakwawa ndipo mulembedwe m'kaundula wa mudzi ndi dzina lenileni la pa chitupa, chifukwa mayina a olandira thandizo amachokera kumeneko ndipo amakayerekezedwa ndi chitupa.

Ku banki m'khonde samalani kwambiri. Musalole mlembi kufufuta dzina lakale m'buku la masheya. Alembe latsopano pambali pake, pa msonkhano, onse akuona, ndipo zilowe m'maminitsi a tsikulo. Pogawana ndalama mu Disembala pamabuka mikangano ya mtundu uwu: masheya a miyezi yoyamba ali pa dzina lina, ngongole ili pa dzina lina, ndipo mlembi amene ankadziwa zonse anasamuka.

Kalata ya ukwati

Ofesi iliyonse imene mungapite idzafuna kuona pepala limene likulumikiza dzina lakale ndi latsopano, ndipo pepalalo ndi kalata ya ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa kwa DC, ndi wa chikhalidwe. Koma ngati munangochita chinkhoswe chokha, mulibe choonetsa pa kauntala. Funsani kwa mfumu yaikulu ya dera lanu kapena ku ofesi ya DC pa boma za kalembetsedwe ka ukwatiwo musanayambe zosintha zina.

Pa tsiku la ukwati, musanasaine, werengani mayina onse awiri n'kuwayerekeza ndi zitupa. Pamakhala chipwirikiti, kwaya ikuimba, ojambula akukankhana, ndipo m'pamene chilembo chimasowa. Kukonza pomwepo n'kosavuta kusiyana ndi kubwereranso patapita chaka abusa atasamutsidwa. Mukailandira, pangani mafotokope asanu kapena asanu ndi limodzi, mukadinditse kwa majisitireti kapena loya kuti atsimikize kuti ndi ofanana ndi kalata yeniyeni. Yeniyeniyo muzingoionetsa, osaisiya ku ofesi iliyonse. Isungeni m'kapepala ka pulasitiki kutali ndi chinyezi ndi chiswe.

Zikalata: chitupa choyamba, zina pambuyo

Gawo ili ndi la amene asankha kusintha dzina pa zikalata. Ngati mukusunga lanu, musakhudze kalikonse pano, ndipo fomu iliyonse muzilemba dzina la pa chitupa ngakhale aliyense akukuitanani la kubanja.

Kuyambira pa kalembera wa 2017, chitupa cha unzika ndicho muzu wa zonse. Simukhadi, akaunti ya kubanki, kalembera wa zisankho, fetereza wotsika mtengo, pasipoti, zonse zimadalira chimenechi. Choncho ulendo woyamba ndi wa ku ofesi ya NRB, imene imapereka zitupa za unzika, pa boma lanu, monga ku Kasungu kapena ku Mchinji. Tengani chitupa chakale, kalata ya ukwati yeniyeni ndi fotokope yodindidwa, komanso fotokope ya chitupa cha amuna anu. Funsiranitu zimene akufuna ndi ndalama zolipira musanakwere galimoto kuchokera ku Chamama kapena ku Mkanda, kuti musayende kawiri. Lipirani pa malo oyenera, mulandire lisiti, ndipo muisunge bwino. Musanachoke, onani kalembedwe ka dzina pa fomu kapena pa kompyuta. Chitupa chatsopano chimatenga nthawi kuti chituluke, ndipo pa nthawi yodikirayo musasinthe china chilichonse.

Chikatuluka, pitani ku shopu ya TNM kapena Airtel kuti akonze dzina la pa simukhadi ndi la pa Mpamba kapena Airtel Money. Apa m'pamene amayi ambiri amatulukira kuti nambala imene akhala akugwiritsa ntchito zaka zonsezi inalembetsedwa ndi chitupa cha achemwali awo kapena cha amayi awo. Konzani zimenezo tsopano, mupite limodzi ndi mwini chitupayo. Musaisamutsire pa chitupa cha amuna anu poganiza kuti ndinu amodzi. Simu ikatayika kapena ikatsekedwa, amene amaitulutsanso ndi amene analembetsa, ndipo ndalama zili mmenemo zimaonedwa ngati zake.

Kenako banki. Tengani chitupa chatsopano ndi kalata ya ukwati, mupemphe kusintha dzina pa akaunti yomweyo, osati kutsegula ina. Akaunti yakale ili ndi mbiri ya ndalama zanu, ndipo mbiriyo ndi imene amaiona mukafuna ngongole. Pomwepo ganizani za siginecha. Palibe chokukakamizani kuisintha, koma ngati mwayamba kusaina mwatsopano, siyani chitsanzo chake kubanki tsiku lomwelo, apo ayi adzakubwezani mukadzafuna kutapa ndalama. Khadi la ATM lakale limagwirabe ntchito, funsani ngati pakufunika lina.

Nthawi yochitira izi muisankhe. Wa pa ntchito ayambe malipiro atangolowa, kuti banki ndi ofesi ya malipiro zikhale ndi masabata okwanira kugwirizanitsa mayina. Dzina la pa mndandanda wa malipiro likasiyana ndi la pa akaunti, ndalama zingathe kubwezedwa, ndipo kuzilondola kumadya mwezi. Mlimi wa fodya amene laisensi ili m'dzina lake asasinthe kanthu mabelo ali pa msika wa Chinkhoma. Adikire msika utsekedwe, ndalama zonse zilowe, ndipo akonze laisensi ndi akaunti pamodzi nyengo ya kalembera wa alimi isanafike. Chimodzimodzi nyengo yogula fetereza wotsika mtengo: musakhale pakati pa zitupa ziwiri mvula ili pafupi.

Pasipoti ibwere pomaliza. Ya munthu wamkulu imakhala zaka 10, ndipo ambiri amadikira kuti ithe kenako n'kupangitsa ina m'dzina latsopano. Pa nthawiyo, tiketi ya basi kapena ndege, kalata yokuitanani ku msonkhano kunja, zonse zilembedwe m'dzina la mu pasipoti. Amayi a geni amene amadutsa pa boda ya Mwami kupita ku Chipata aziyenda ndi fotokope yodindidwa ya kalata ya ukwati, ngati chitupa ndi pasipoti zili ndi mayina osiyana. Laisensi yoyendetsera galimoto ndi nambala ya msonkho ku MRA nazonso muzikonze mukapeza mpata.

Pa foni

Akuluakulu atamva, lengezani kamodzi, momveka, mayina onse awiri ali pamodzi. Chithunzi chimodzi cha ukwati ndi mawu ochepa n'zokwanira: "Abale ndi anzanga, amene mumandidziwa kuti Phiri, tsopano muzindipezanso kuti Mwale. Nambala ndi yomweyi." Mawu omalizawo musawasiye.

Pa WhatsApp dzina limene mwalemba pa profile limaoneka kwa okhawo amene sanasunge nambala yanu, makamaka m'magulu. Amene anasunga kale aziona dzina limene iwo anakupatsani mpaka atasintha okha, choncho musadandaule. Malo ake ndi a zilembo 25 zokha, ndiye ngati mayina awiri sakukwana, fupikitsani dzina loyamba, osati kuchotsa la kwanu. Status imafufutika pakatha maola 24, ndiye m'magulu ofunika, monga la kuntchito, la mpingo ndi la anzanu a kusekondale, lembani uthenga pawokha.

Facebook ikakulolani kusintha dzina, simungasinthenso mpaka patatha masiku 60. Mukalakwitsa chilembo, mukhala nacho miyezi iwiri. Lowani pa Settings, kenako Accounts Center, musankhe profile yanu, mupite pa Name. Werengani kawiri musanasindikize. Musaikemo Mrs kapena Mayi, chifukwa malamulo awo salola mawu aulemu kapena a udindo m'dzina. Mukatero pitani pa About, pa Details about you, muonjezere dzina la kwanu pa Other names, ndipo musankhe kuti lizioneka pamwamba pa profile. Amene munaphunzira nawo ku Chayamba kapena ku Ludzi akamakufunani, adzalemba dzina lakalelo. Mabataniwa amasunthasuntha, ndipo pa Facebook Lite amaoneka mosiyana.

Musatsegule akaunti yatsopano n'kusiya yakale ili chikhalire. Akaunti yosiyidwa ndi imene akathyali amailanda n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Akaunti imodzi ya awiri, yolembedwa mayina a bambo ndi mayi, sitiilimbikitsanso: wolemba uthenga sadziwa amene akuwerenga, ndipo mnzanu amene ali pa mavuto amasiya kukuuzani.

Nyengo ya pambuyo pa ukwati akuba a pa foni amaikonda. Aliyense akudziwa kuti zinthu zasintha kwa inu, ndiye uthenga wakuti "ndine uje, ndasintha nambala, tumizani pa iyi" umakhulupirika msanga. Chifukwa chake musasinthe dzina ndi nambala nthawi imodzi. Uzani abale kuti aliyense wowapempha ndalama m'dzina lanu ayambe akuimbirani pa nambala yakale. Ikani two-step verification pa WhatsApp, PIN ya manambala 6 imene mukuidziwa nokha. Ndipo kaya mwakondwa chotani, musaike chithunzi cha kalata ya ukwati kapena cha chitupa chatsopano pa intaneti. Pali tsiku lobadwa, nambala ya chitupa ndi siginecha, zonse zimene wakuba amafuna.

Ogulitsa zitenje, kaunjika kapena mtedza pa foni akumbukire ichi. Kasitomala akamatumiza ndalama amaona dzina lolembetsedwa pa nambala. Ngati pa status ndinu Mayi Mwale koma pa Airtel Money pakutuluka Phiri, wochenjera amaima n'kuganiza kuti akuberedwa. Paliponse pamene mwalemba nambala yolipirira, lembaninso kuti dzina lituluka lakuti. Dzina la bizinesi, ngati linazika kale mizu, lisiyeni mmene lilili.

Kuntchito

Anzanu a muofesi ambiri anavina nawo pa ukwati, koma fayilo yanu sinali pamenepo. Dzina loitanira lingayambe Lolemba lomwe mwabwerera: uzani abwana anu kaye, kenako anzanu pa msonkhano wa m'mawa. Mphunzitsi auze ana kamodzi n'kulemba pa bolodi, ana amazolowera msanga kuposa akuluakulu. Koma fayilo ndi malipiro zidikire chitupa ndi banki.

Zimenezo zikatheka, lembani kalata. Ikhale yaifupi: dzina lakale lonse, dzina latsopano lonse m'zilembo zazikulu, nambala yanu ya ntchito, tsiku la ukwati, ndi pempho loti akonze fayilo ndi mndandanda wa malipiro. Phatikizani mafotokope odindidwa a kalata ya ukwati ndi chitupa chatsopano, komanso kalata ya kubanki yosonyeza dzina la pa akaunti. Mphunzitsi wa pulaimale adutsire kwa ahedi ndi a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni yawo, kupita ku ofesi ya maphunziro pa boma. Wa zaumoyo adutsire kwa woyang'anira chipatala chake. Pangani makalata awiri, imodzi aidinde ndi kulembapo tsiku lolandirira, mubwerere nayo. Mwezi wotsatira yang'anani payslip: dzina, nambala ya ntchito, ndi zodulidwa zonse. Ngongole ya ku SACCO kapena ya kubanki imene imadulidwa pa malipiro nayonso ili ndi dzina lakale, ndipo eni ake auzidwe paokha. Chimodzimodzi a inshuwalansi ya zachipatala ngati muli nayo.

Pamene muli ku ofesi ya olemba ntchito, pemphani fomu ya odzalandira penshoni yanu. Kusintha dzina sikusintha amene munawalemba pa fomuyo tsiku limene munayamba ntchito. Ionaninso, mulembe amene mukufuna, mayina awo monga alili pa zitupa zawo.

Satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB, dipuloma ndi digiri zimakhala ndi dzina limene munalembera mayeso. Musazifufute kapena kulembapo. Pofunsira ntchito kapena sukulu, lembani mayina onse awiri pamwamba pa CV n'kuphatikiza fotokope ya kalata ya ukwati. Uzaninso amene munawalemba kuti akuchitireni umboni. Zimachitika kuti olemba ntchito aimba kufunsa za Mayi Mwale, ahedi akale n'kuyankha kuti sakumudziwa, chonsecho ndi Phiri amene anagwira naye ntchito zaka zambiri. Anamwino ndi azamba adziwitse bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, madokotala ndi othandizira awo a Medical Council of Malawi, kuti laisensi ndi fayilo ya kuntchito zisasiyane.

Pa imelo ya kuntchito, pemphani a IT asinthe dzina looneka, ndipo ngati apereka adiresi yatsopano, yakale izitumizabe makalata kwa inu. Pansi pa kalata iliyonse lembani mayina onse awiri kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Baji, chidindo ndi ndandanda ya mashifiti zikonzedwe tsiku limodzi, kuti wodwala kapena kasitomala asaone mayina awiri pa munthu mmodzi popanda kufotokozeredwa.

Anthu adzalakwitsa, ena kwa chaka chathunthu. Konzani mwaulemu kamodzi, mupitirize nkhani. Amene mwasunga dzina la kwanu mudzakumana ndi zosiyana: wina adzalemba dzina la amuna anu pa mndandanda wa alawansi kapena pa satifiketi ya maphunziro a masiku ochepa, poganiza kuti akukulemekezani. Pakamwa mungathe kungovomera, koma pa pepala lililonse lokhudza ndalama kapena maphunziro kanani pomwepo, alembe la pa chitupa.

Mukayamba kupita ku sikelo ya amayi oyembekezera, buku la kuchipatala lilembedwe dzina la pa chitupa chimene muli nacho tsiku limenelo, ngakhale anamwino akukudziwani ndi la kubanja. Mwana akabadwa, fomu ya kalata yake yobadwira imafuna dzina ndi nambala ya chitupa cha mayi, ndipo zikasiyana ndi zolembedwa m'buku, kalatayo imachedwa. Ngati chitupa chatsopano chatuluka muli pakati, kaonetseni ku sikelo kuti alembe dzina latsopano pambali pa lakale n'kudindapo, osatsegula buku lina, chifukwa mbiri ya katemera ndi zoyeza zonse ili m'buku lakalelo.